Wogulitsa Mankhwala pa Lamya Ayambe Waonetsa Khomo Lake

Akuluakulu a m'midzi ya ku Cigawo ca Kum'mawa akali kumkumbukira munthu uja amene anali kuyala thumba pa siteshoni ya basi kapena pa msika wa kumapeto a mwezi, nandandalikapo makapisozi ofiira mbali ina ndi acikasu mbali ina, timabotolo topanda dzina, ndi mapiritsi omanga m'kapepala ka nyuzi. Pakamwa pake panali potsekemera. Mankhwala amodzi omwewo anali kuciza mutu, msana, cinzonono ndi kusabala. Dzuwa likapendeka anali kupinda thumba lake nakwera basi, ndipo wodwala amene anabwera m'mawa mwake kudzadandaula anali kupeza pamalopo pakhala mai wogulitsa tomato. Munthu ameneyu akalipo. Masiku ano akhala m'lamya ya m'manja, pa Facebook ndi pa WhatsApp, kumene sapsya ndi dzuwa, salipira msonkho wa msika, ndipo angathe kulankhula ndi anthu a ku Lundazi, ku Chadiza ndi ku Nyimba pa ola limodzi.

Lamya payokha iribe mlandu. Yathandiza mlimi kudziwa mtengo wa soya asanakweze matumba pa ngolo, ndipo yacititsa kuti ndalama za feteleza zicoke ku Kitwe ndi kufika ku Sinda tsiku lomwelo. M'mizinda ikuluikulu muli masitolo a mankhwala olembetsedwa ndi Boma amene alandira maoda pa lamya kapena pa intaneti ndi kutumiza katundu kwa wogula, ndipo palibe coipa pa zimenezi. Funso limene banja liri lonse liyenera kufunsa lisanatumize ngwee ndi lakuti: kodi kuseri kwa nambala imeneyi kuli khomo? Kodi kuli nyumba imene munthu angalowemo, naona cilolezo pa khoma, napeza wina amene angayankhe mlandu zinthu zikalakwika? Ngati khomolo kulibe, mankhwalawo asagulidwe, ngakhale mtengo wake ukhale wotsika motani.

Koma wogula asanadzudzulidwe ayenera kumvedwa. Boma linacotsa malipiro m'zipatala zazing'ono za kumidzi m'caka ca 2006, ndipo mu 2012 linacita cimodzimodzi ndi za m'matauni. Cinali cinthu cabwino ndithu. Komabe nkhalamba imene yayenda mtunda wautali pa njinga, nikhala pa mzere kufikira masana, kenaka niuzidwa kuti mankhwala ake a BP atha, nipatsidwa kapepala kokagulira ku boma, siibwerera kunyumba ikuyamika. Galimoto yopita ku Katete kapena ku Petauke ifuna ndalama, ndipo mvula ikagwa mitsinje ina siiolokeka. Usiku nkhalambayo ilizira lamya mwana wake wa ku Lusaka. Mwanayo, amene agwira nchito kuyambira m'mawa kufikira mdima, aona pa Facebook cithunzi ca bokosi lofanana ndi limene amai ake amamwa, pa theka la mtengo, ndi lonjezo lakuti katundu akwera basi ya m'mamawa. Atumiza ndalama mwa cikondi. Wonyengayo adziwa bwino zonsezi, pakuti nyambo ya pa mbedza yake ndiyo kusowa kwa pa kiliniki ndi mtima wa mwana wofuna kuthandiza kholo.

Anthu ambiri akhulupirira kuti mankhwala onama angadziwike ndi maso, kuti bokosi lake likhala lofwifwa kapena zilembo zake zokhota. Kale zinali conco nthawi zina. M'mwezi wa June caka ca 2012, pa doko la Luanda m'dziko la Angola, anchito a kasitomu anatsegula zokuzira mau zimene zinacokera ku China, ndipo m'kati mwake anapeza mapaketi 1.4 miliyoni a Coartem, mankhwala a malungo omwe aja odziwika m'kiliniki iri yonse ya muno m'Zambia. Mapepala ake, zilembo zake ndi mtundu wacikasu wa mapiritsi zinali kuoneka monga zenizeni. Atawapima anapeza kuti munalibe mankhwala a malungo ngakhale pang'ono. Makolo anati cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere, koma mkuyu munthu angaung'ambe naona nyererezo asanadye. Piritsi aling'amba napeza ufa wacikasu, ndipo ufa wopatsa moyo ndi ufa wacabe sizisiyana pa cikhatho. Ngati maso a munthu wogwira bokosi m'manja anyengedwa, nanga a munthu amene angoona cithunzi cake pa lamya?

Bungwe la za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linalengeza m'caka ca 2017 kuti m'maiko osauka ndi a cuma capakati, pa mankhwala 10 alionse, pafupifupi 1 ndi wonama kapena wosafika pa muyezo. Pa madandaulo amene bungwelo linalandira kuyambira mu 2013 kufikira mu 2017, okwana 42 pa 100 alionse anacokera muno mu Africa, ndipo mankhwala amene anali kuchulidwa kawirikawiri ndi a malungo ndi aja opha tizilombo, ochedwa maantibayotiki. Awa ndiwo mankhwala amene banja la kumudzi limafuna koposa.

Nkhani ya malungo iyenera kufotokozedwa bwino, cifukwa ndi pamene cinyengo cimapha msanga. Mwana akatentha thupi, kutenthako kungacokere ku malungo, ku cibayo, ku zironda za kukhosi kapena ku matenda ena. Pa kiliniki, ndiponso kwa anchito a za umoyo a m'midzi amene anaphunzitsidwa, kadontho ka magazi a pa cala kapereka yankho m'mphindi 15 kapena 20. Wogulitsa wa pa lamya alibe cala ca mwanayo, ndipo safunsa ngakhale kulemera kwake, pamene muyezo wa Coartem umatsata kulemera: munthu wamkulu amamwa mapiritsi 4 kawiri pa tsiku kwa masiku 3, onse pamodzi 24, koma khanda limamwa limodzi lokha pa nthawi. Tsono ngati mapiritsi amene afika ndi onama, coopsya cake ndi cakuti makolo amakhala mtima uli m'malo. Aona kuti mwana wamwa mankhwala, nayembekezera kuti mawa adzuka. Acinyengo ena amaikamo pang'ono mankhwala otsitsa kutentha, a mtundu wa Panadol, kotero kuti thupi lizizira kwa maola angapo pamene tizilombo tikuculuka m'magazi. Pamene mwana ayamba kukomoka kapena kuyera m'zikhatho, masiku awiri atayika kale, ndipo malungo aakulu angathe kutenga mwana m'tsiku limodzi. Pa maliro anthu adzati malungo a caka cino ndi aukali, ena adzaloza cala nkhalamba ya m'mudzi, koma nambala ya lamya imene inalandira ndalama palibe amene adzaichula.

Pali cina coipa cimene cigwera ngakhale anthu amene sanagule kanthu. Mapiritsi okhala ndi mankhwala ocepa amapha tizilombo tofooka nasiya tolimba, ndipo udzudzu umatenga tolimbato nupereka kwa mnansi. Cimodzimodzi cicitika munthu akamwa theka la mankhwala enieni nasungira mawa otsalawo. Acikulire akumbukira Chloroquine, wowawa uja woyabwitsa thupi, amene kwa zaka zambiri anali kuciza malungo, kufikira tizilombo tinamzolowera ndipo dziko la Zambia linamsiya ndi kutenga Coartem m'zaka za 2002 ndi 2003. Akatswiri apeza kale ku Rwanda, ku Uganda ndi ku Eritrea tizilombo ta malungo timene tayamba kucedwa kufa ndi mankhwala a mtundu wa Coartem. Munthu wogulitsa mapiritsi osakwanira akuba m'nkhokwe ya mtundu wonse.

Matenda a BP ndi a shuga ali ndi msampha wosiyana. Munthu wa BP yokwera kawirikawiri samva kupweteka kuli konse. Angamwe mapiritsi a ufa wacabe kwa miyezi itatu akulima ndi kupita ku chalichi, osadziwa kuti mitsempha yake yakhala yopanda citetezo, kufikira m'mawa wina adzuka pakamwa patakhota ndi dzanja lalefuka. Palibe amene angagwirizanitse sitiroko imeneyo ndi bokosi limene linafika pa basi.

Wina anganene kuti, nanga a zilolezowo ndiwo angelo? Funso limeneli ndi loona ndipo siliyenera kuzembedwa. M'caka ca 2022 ana pafupifupi 70 anamwalira m'dziko la Gambia impsyo zao zitaleka kugwira nchito, ndipo pa 5 October caka comweco bungwe la WHO linacenjeza za mitundu 4 ya mankhwala amadzi a cifuwa ndi cimfine opangidwa ku India, amene anapezeka ndi poizoni wochedwa diethylene glycol ndi ethylene glycol. Mankhwala amenewo sanagulidwe kwa munthu woyala thumba. Anacokera ku fakitale ndipo analowa m'dzikolo pa njira ya malonda. Kuno kwathu, m'caka ca 2019, cakumwa cina copatsa mphamvu copangidwa ku Ndola, cimene dzina lake linali kunena kuti ndi cacilengedwe, cinaletsedwa citapezeka ndi sildenafil, mankhwala a mu Viagra, amene sanalembedwe pa botolo. Ndipo m'mwezi wa May caka ca 2025 kazembe wa dziko la America ku Zambia, a Michael Gonzales, analengeza kuti dziko lao licepetsa thandizo la mankhwala ndi madola 50 miliyoni pa caka, ponena kuti kafukufuku wao m'masitolo a mankhwala oposa 2,000 anapeza ambiri akugulitsa mankhwala obedwa, amene anayenera kuperekedwa ulere. Cotero cilolezo pa khoma sicisandutsa munthu kukhala woyera mtima.

Komabe nkhani zitatu zomwezi ndizo zisonyeza phindu la khomo. Ku Gambia mabotolo anali ndi dzina la wopanga, ndipo wolowetsa katunduyo m'dziko anali wodziwika, motero zinatheka kuyenda khomo ndi khomo kusonkhanitsa otsala ana ena asanamwe. Ku Ndola kunali fakitale imene akuluakulu a Boma anatha kuifikira ndi kuilamula kuleka. Masitolo ogulitsa zakuba anatha kuwerengedwa cifukwa ali ndi malo pamene aima. Pamene pali khomo, colakwa cingalondoledwe monga mapazi a ng'ombe yobedwa, cingaimitsidwe, ndipo wolakwa angataye cilolezo kapena kuonekera m'khoti. Wogulitsa wa pa WhatsApp akamva kuti wina wadwala ndi katundu wake, acotsa simu kadi naiponya m'cimbudzi, ndipo mawa lake ayamba ndi dzina lina. Ngakhale ng'anga ya m'mudzi, imene ophunzira ena amainyoza, iposa munthu wotere pa mfundo imeneyi, pakuti nyumba yake idziwika, a nyakwawa aidziwa, ndipo mlandu ukabuka ingaitanidwe pa bwalo.

Lamulo la dziko linakhazikika pa maganizo omwewa. Lamulo la mankhwala la m'caka ca 2013 linakhazikitsa bungwe la Zambia Medicines Regulatory Authority, lodziwika ndi dzina lakuti ZAMRA, limene nchito yake ndi kubvomereza mankhwala asanagulitsidwe m'dziko, kulembetsa masitolo a mankhwala, ndi kupereka zilolezo kwa olowetsa mankhwala kucokera kunja. Famasi, imene ambiri aicha kemisiti, iyenera kuyang'aniridwa ndi katswiri wa mankhwala wolembetsedwa ndi bungwe la Health Professions Council of Zambia. Popeza akatswiri otere ndi ocepa kumidzi, lamulo lomwelo linalola masitolo ang'onoang'ono ochedwa health shop, amene agulitsa mankhwala a pa mndandanda wocepa wobvomerezedwa. Palibe cifukwa coganizira kuti malonda akacitikira pa lamya ndiye kuti lamulo lagona. Sitolo ya pa intaneti yoona ndi famasi yomweyo ya njerwa ndi malata imene yangoonjezera njira yolandirira maoda.

Cizindikiro cacikulu ca famasi yoona ndi cimene wogula wofulumira amadana naco: imakana. Munthu akafuna maantibayotiki, mankhwala a BP, a shuga, a khunyu kapena ogonetsa, imafuna kuona cikalata ca dotolo, ngakhale cithunzi cake cotumizidwa pa lamya. Imafunsa zaka za wodwala, ngati ali ndi pakati, ndi mankhwala ena amene akumwa. Wogulitsa amene ayankha kuti cikalata ciribe nchito, ingotumizani ndalama, wadziulula yekha. Wadziululanso amene alonjeza kuciza shuga kapena kacirombo ka HIV kotheratu, pakuti matenda amenewa amasamalidwa ndi mankhwala a masiku onse, ndipo ma ARV amaperekedwa ulere m'zipatala za Boma, kotero kuti amene awagulitsa pa lamya agulitsa onama kapena obedwa. Anthu alipo amene asiya ma ARV cifukwa ca botolo la madzi akuda logulidwa pa Facebook, ndipo pamene abwerera ku cipatala thupi litatha, mankhwala amene anali kuwathandiza poyamba nthawi zina sagwiranso nchito.

Pa kalipiridwe napo pali poonera. Potumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa MTN, lamya imaonetsa dzina la wolandira munthu asanatsimikize. Ngati tsamba linena kuti ndi famasi yakutiyakuti koma dzina limene latuluka ndi la munthu wamba, ndipo mawa atuma nambala ina ya dzina linanso, cala ciime. Sitolo yoona ipereka lisiti lokhala ndi dzina lake ndi malo ake, ndipo siikwiya ikafunsidwa nambala ya cilolezo. Safunsa anadya phula.

Pali mtundu wina wa malonda umene anthu saukamba poyera, ndipo ndiwo umene ulemeretsa onyenga. Mwamuna amene mphamvu za m'nyumba zacepa, mnyamata amene watenga matenda kwa mkazi, mtsikana amene ali ndi bvuto limene sangauze amai ake, onsewa aopa mzere wa pa kiliniki pamene namwino ndi mnansi wao ndipo wokhala pambuyo pao ndi mlamu. Lamya iwalonjeza cinsinsi. Manyazi amenewa ndi omveka, koma mtengo wake ndi waukulu. Sildenafil akakumana ndi mankhwala ena a mtima amatsitsa BP mwadzidzidzi kufikira munthu angakomoke kapena kufa, ndipo mwamuna amene auzidwa kuti akumwa mizu yokha sangadziwe kuti ayenera kusamala. Komanso kucepa kwa mphamvu nthawi zambiri ndi cizindikiro coyamba ca shuga kapena BP, cimene dotolo akanacigwira. Cinzonono cothiridwa makapisozi osayenera cimabisala osacoka, cipita kwa mkazi wa kunyumba, ndipo cingatseke njira ya ubereki. Apa anchito a za umoyo nawo ali ndi mbali yao: namwino amene aulula matenda a wodwala pa citsime ndiye atumiza anthu khumi kwa wogulitsa wa pa lamya.

Popeza m'mabanja ambiri wogula weniweni ndi mwana wa m'tauni, udindo waukulu uli pa iye. Amene ali ku Lusaka, ku Ndola kapena ku Chipata ali ndi mwai umene kholo lake liribe: angapite ndi miyendo yake kukaona sitolo imene ailipira pa lamya, kamodzi kokha, nayang'ana cilolezo pa khoma ndi nkhope ya katswiri wake. Akatero angapitirize kuoda pa lamya miyezi yotsatira mtima uli pansi. Kholo lijambulitse kapepala ka ku cipatala kapena bokosi lakale, mbali yokhala ndi dzina ndi nambala, m'malo mongonena kuti timapiritsi toyera tija tating'ono, pakuti mapiritsi oyera ang'ono ndi mazanamazana. Nambala ya mamiligalamu ndi yofunika ngati dzina lomwe. Amlodipine wa BP alipo wa 5 ndi wa 10, ndipo agogo amene anazolowera kumwa awiri a 5 akalandira a 10 namwanso awiri, adzagwa cizungulire pa khomo. Mitokoma yocokera kwa acibale a ku Johannesburg kapena ku London iri ndi bvuto lomweli: mankhwala amodzi amakhala ndi maina osiyana m'maiko osiyana, ndipo nkhalamba ingamwe a ku kiliniki pamodzi ndi a kwa mwana wake, osadziwa kuti ikumwa cinthu cimodzi kawiri. Mtokoma uli wonse, ngakhale wocokera kwa mwana wokondedwa, uyambe waonetsedwa kwa namwino.

Ulendo nao ungaononge mankhwala enieni. Kucokera pa siteshoni ya Intercity mu Lusaka kufika ku Chipata pali makilomita oposa 550, ndipo mseu utsikira m'cigwa ca Luangwa kumene m'mwezi wa October kutentha kufika pa madigiri 40. Mapiritsi ambiri analembedwa kuti asungidwe pa malo osapitirira madigiri 25 kapena 30. Insulini ya odwala shuga, isanatsegulidwe, ifuna kuzizira kwa pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo ikapsya ndi kutentha mphamvu yake icepa pamene maonekedwe ake angakhale osasintha. Botolo la insulini limene layenda tsiku lonse pansi pa basi, pakati pa matumba a simenti ndi pafupi ndi injini, kenaka nkugona masiku awiri m'kantemba ka malata kuyembekezera mwini wake, silingadaliridwe. Famasi yodziwa nchito yake iika mankhwala otere m'bokosi lozizira, kapena inena poyera kuti siingathe kuwatumiza kutali. Wogulitsa amene abvomera kutumiza insulini mu envulopu waonetsa kuti sadziwa cimene agulitsa.

Katundu akafika pali zocepa zimene maso angathandizebe. Mankhwala akhale m'bokosi lake losatsegulidwa, lokhala ndi dzina la wopanga, nambala ya gulu limene anapangidwamo, ndi tsiku lothera mphamvu, ndipo nambala ndi tsiku za pa bokosi zifanane ndi za pa kapepala konyezimira ka m'kati. Mapiritsi othothoka, omatana, osintha mtundu, kapena obwera m'kapulasitiki opanda dzina asamwedwe. Bokosi lolembedwa kuti ndi la Boma kapena kuti siligulitsidwa ndi umboni wa kuba, ndipo amene aligula alipira kawiri, pakuti ndilo lomwe analisowa pa kiliniki. Koma monga nkhani ya ku Luanda yasonyezera, bokosi lokongola silitsimikiza kanthu. Kuyang'ana bokosi kugwira wonyenga waulesi yekha.

Kucenjeza anthu kokha sikudzathetsa malonda amenewa pamene mashelefu a m'makiliniki ali opanda kanthu. Bungwe la ZAMMSA, limene linalowa m'malo a Medical Stores m'caka ca 2021, ndilo liri ndi nchito yogula, kusunga ndi kugawa mankhwala a Boma, ndipo mwezi uli wonse umene mankhwala a BP afika pa nthawi yake ku kiliniki ya kumudzi, wonyenga wa pa Facebook ataya makasitomala osauzidwa ndi munthu. Akuba mankhwala a Boma ayenera kulangidwa poyera, kuyambira wa pa nkhokwe yaikulu kufikira wa pa zenera la kiliniki. Masitolo a health shop aculuke m'misika ya kumidzi, kuti munthu wa ku Vubwi kapena ku Chama asayende tsiku lathunthu pofuna mankhwala a njoka za m'mimba. Ndiponso macenjezo a ZAMRA, amene kawirikawiri amatuluka m'Cingerezi ndi pa intaneti, sathandiza mai amene alibe ndalama za bando ndipo sawerenga cinenero cimeneco. Mankhwala akaletsedwa, dzina lake ndi nambala yake ziwerengedwe m'Cinyanja pa wailesi ya ZNBC, pa Breeze FM ndi pa Radio Maria, monga momwe amalengezera maliro ndi mitengo ya cimanga. Maina a masitolo okhala ndi zilolezo m'boma liri lonse amatidwe pa khomo la kiliniki ndi pa bwalo la mfumu, pamene wina aliyense angawaone.

Kwa banja limene lagula kale ndipo likukayikira, njira ndi yaifupi. Wodwala amene sakupeza bwino, kapena amene watuluka zotupa, wasanza, kapena waleka kukodza atamwa mankhwala, atengedwe ku cipatala tsiku lomwelo, ndipo otsala a mankhwalawo apite naye pamodzi ndi bokosi lake. Ambiri amabisa poopa kukalipidwa, nataya bokosi m'dzala, motero dotolo aciza mwa kungoganizira. Namwino wanzeru sadzayamba ndi kukalipa. Adzalemba dzina ndi nambala ya gulu, natumiza lipoti ku ZAMRA, kumene kuli malo opimira mankhwala, ndipo nambala ya lamya imene inalandira ndalama iperekedwe kwa apolisi pamodzi ndi uthenga wotsimikiza malipiro. Uthengawo usafafanizidwe m'lamya, ndipo bokosi ndi lisiti zisungidwe kufikira mankhwala atatha.